Botolo la Arsenic Trichloride lapezeka m'kachipinda ka mankhwala kusukulu

aMwale a ku Chilenje: Mwadzuka bwanji nonse. Pepani ndalowa ndi nkhani yosakhala ya maliro kapena ya chilimba, koma ndikufuna nzeru mwamsanga. Kusukulu kumene ndimagwira ntchito mu labotale atiuza kuti tikonze kachipinda kosungiramo mankhwala, kamene kakhala kokhoma zaka zambiri, chifukwa akufuna kuikamo makompyuta. Pansi pa kabati yachitsulo ndapeza chitini chadzimbiri, ndipo m'chitinimo muli kabotolo kagalasi ka 100 ml. Pepala lake lafufuma koma likuwerengeka: Arsenic Trichloride, AsCl3, pambali pali chigaza ndi mafupa awiri. Zam'kati ndi zamadzimadzi, zikuyenda mozengereza ngati saladi. Pakhosi pa botolo pamera zoyera ngati mchere. Mahinjesi a kabatiyo adyeka onse ndi dzimbiri pomwe makabati ena ali bwinobwino. Ndichite nalo chiyani?

NaBanda Namwino: Achimwene, mwaligwira?

aMwale a ku Chilenje: Ndanyamula chitini chokha nditavala magolovesi oyera aja a m'bokosi. Botolo sindinalitsegule.

Aphunzitsi aPhiri: aMwale, bwezeretsani chitinicho pamene chinali mosachipendeketsa, tulukani, khomani chitseko. Magolovesi muvule chotembenuza, muike m'pulasitiki, mumange, musiye m'kachipinda momwemo. Sambani m'manja mpaka m'zigongono pampopi woyenda. Ana asayandikire khomo limenelo. Mukatha zimenezi mubwere tikambe zina.

aLungu a ku Matero: Kabotolo kang'onong'ono kameneko kakutseketsa chipinda? Ine ndikanangokathira m'chimbudzi chokumba, n'kutsanulira ndowa ziwiri za madzi, nkhani yatha. Si mmene timatayira mankhwala a makoswe otsala?

Amake Chikondi: aLungu, chonde musatero. Ife a ku Kanyama zimene mumathira m'zimbudzi ndi zimene timatunga pachitsime.

aMwale a ku Chilenje: Ndachita zonse aphunzitsi. Kiyi ali m'thumba mwanga. Mutu wa sukulu sanabwere, ndawaimbira akuti afika masana.

Aphunzitsi aPhiri: Zikomo. Tsopano ndifotokoze chifukwa chake ndakuthamangitsani chotero, ndiponso ndiwayankhe aLungu, chifukwa maganizo awo ndi amene anthu ambiri angakhale nawo.

Arseniki ndi chimodzi mwa zinthu zoyambira, nambala 33 pa tebulo lija munkaliloweza ku sekondale, ali pansi penipeni pa fosifolasi. M'botolo lanulo atomu imodzi ya arseniki yagwirana ndi maatomu atatu a klorini. Ganizirani mafuwa atatu ndi mphika pamwamba: mafuwawo ndi klorini, mphika ndi arseniki. Akale ankatchula mankhwalawa butter of arsenic chifukwa cha kuterera kwake. Sakhala ndi mtundu akakhala oyera, amaundana pa madigiri 16 pansi pa ziro, amawira pa madigiri 130. Ndi olemera kuposa madzi kawiri ndi pang'ono, 1 ml imalemera magalamu 2.16.

Vuto lalikulu lili pa madzi. Mankhwalawa akakumana ndi madzi, ngakhale chinyezi cha mumpweya chabe, amasweka. Maklorini atatu aja amachoka n'kusanduka hydrogen chloride, womwe ndi mpweya wa asidi wa hydrochloric, ndipo ndiwo utsi woyera umene umatuluka botolo likatseguka. Arseniki wotsala amasanduka arsenous acid, akauma amakhala arsenic trioxide. Zoyera zimene mwaona pakhosi pa botolo mwina ndi zimenezo, ndipo ndiye poizoni weniweni wa arseniki amene anapha anthu ambiri m'mbiri. Dzimbiri la mahinjesi likutiuza kuti chitsekero chakhala chikutulutsa mpweya wa asidi pang'onopang'ono kwa zaka. Botolo limenelo likudontha kale, kungoti likudontha mpweya.

aLungu a ku Matero: Ndiye ngati madzi amawaswa, si ndiye kuti aphedwa mphamvu?

Aphunzitsi aPhiri: Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse akulu anzanga. Mankhwala ambiri ophera tizilombo ndi mamolekyu akuluakulu, dzuwa ndi dothi zimawaphwanya m'kupita kwa nthawi mpaka ululu kutha. Arseniki siwotero. Ululu wake uli mu atomu yeniyeniyo, ndipo atomu simungaiphwanye ndi madzi, moto, laimu kapena bulichi. Madzi angomuvula malaya a klorini n'kumuveka ena, malaya atsopanowo ndi osungunuka bwino m'madzi, ndiye amayenda mtunda wautali. Mukatentha amakwera ndi utsi n'kugwera padenga la mnzanu.

Tiyeni tiwerenge. Pa kulemera kwa AsCl3, magawo 41 pa 100 ndi arseniki. Botolo la 100 ml likakhala lodzaza ndi magalamu 216, ndiye arseniki yekha ndi magalamu pafupifupi 89. Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamaikulogalamu 10 a arseniki pa lita. Magalamu 89 ndi mamaikulogalamu 89,000,000. Gawani 89,000,000 ndi 10, mupeza malita 8,900,000. Ndi madiramu a malita 200 oposa 44,000. Kabotolo kokwana m'dzanja.

Amake Chikondi: Mayo ine! Ndipo pansi pa Lusaka pano ndi miyala ya laimu yobowokabowoka. Kwathu kuno mvula ikagwa sabata imodzi madzi a pansi amatumphuka, chimbudzi ndi chitsime zimakhala madzi amodzi. Kolera amatipeza chaka ndi chaka kudzera njira yomweyo.

aLungu a ku Matero: Ndamva. Ndabweza mawu anga. Sindinkadziwa kuti pali mankhwala osafa.

aZulu a Malori: Ine ndimanyamula katundu woopsa pakati pa Chirundu ndi Copperbelt, asidi makamaka. Pa maphunziro athu amatiphunzitsa manambala a UN, ozindikirira katundu woopsa. Ndayang'ana m'buku langa, arsenic trichloride ndi UN 1560, gulu 6.1 la poizoni, Packing Group I, kutanthauza gulu loopsetsa pa magulu atatu a katundu woopsa. Katundu wotere sayenda pa minibasi kapena kumbuyo kwa Corolla ya mutu wa sukulu. aMwale, wina akakuuzani kuti mukataye kudzala la zinyalala la ku Chunga, mukane. Kumeneko kuli amayi ndi ana otola mabotolo ndi manja. Ngati mukuopa kuti lisweka, liikeni mu ndowa ya malata yokhala ndi mchenga.

Aphunzitsi aPhiri: aZulu, zonse mwanena bwino, kupatula ndowa ya malata. Malata amakutidwa ndi zinc. Pamene pakumana arseniki, asidi ndi chitsulo chonga zinc kapena aluminiyamu pakhoza kutuluka mpweya wotchedwa arsine, umene ndi woopsa kuposa zonse takambazi. Suwawa m'mphuno kuti uchenjeze munthu, umangolowa n'kuyamba kuphwanya maselo ofiira a magazi. Pakapita maola munthu amakodza mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, impso n'kuleka kugwira ntchito. Anthu oyeretsa matanki m'mafakitale osungunula miyala afa nawo mpweya umenewu. Chidebe chachiwiri chikafunika chikhale cha pulasitiki yolimba, chouma bwino, koma ngakhale chimenecho achite ndi odziwa ntchito okhala ndi zovala zake. aMwale asalowenso m'menemo okha.

aZulu a Malori: Zikomo pondikonza akulu. Izi sindinkazidziwa, ndipo ndikawauza anzanga kuntchito.

NaBanda Namwino: Ndapeza kampata, ndilembe za thupi. Mankhwalawa amavulaza pawiri nthawi imodzi. Mbali ya asidi imawotcha pomwepo: khungu limatuwa n'kutuluka matuza, maso amatha kuwonongeka osabwereranso, pakhosi ndi m'mapapo mumatupa. Wopuma utsiwo akhoza kuoneka bwino madzulo, usiku n'kuyamba kubanika chifukwa madzi adzaza m'mapapo. Ndiye munthu wotere sitimubweza kunyumba msanga. Mbali ya arseniki imalowa m'magazi kudzera pakhungu lomwelo limene lapsa. Sikuti mpaka munthu amwe ayi. Kutayikira padzanja kokha kukhoza kupha, ndipo magolovesi opyapyala a m'bokosi aja sitingawadalire.

Zikachitika, vulani zovala zonse zimene zakhudzidwa, tsukani ndi madzi oyenda ambirimbiri kosachepera mphindi 15, maso chimodzimodzi mutakanula zikope, wina akhale akufuna galimoto yopita kuchipatala. Wothandizayo adziteteze nayenso. Ngati wameza musamusanzitse, asidi angawotche kummero kachiwiri. Mkaka, mazira aawisi, makala osinja, zonsezi sizichotsa arseniki, zimangodya nthawi. Jambulani pepala la pabotolo mukaonetse dokotala, botolo lenilenilo musapite nalo.

Kondwani: Anti, ndasokonezeka pang'ono. Aphunzitsi ati madzi ndiwo amatulutsa asidi, inu mukuti titsuke ndi madzi.

NaBanda Namwino: Funso labwino mwana wanga. Khungu lili kale ndi chinyezi, ndiye mankhwalawo ayamba kale kusweka pathupi pako, usatsuke utsuke. Madzi ochepa amangowonjezera moto. Madzi ambiri oyenda amasungunula asidiyo n'kukokolola zonse. Kupukuta ndi kansalu konyowa ndiye kulakwa, kuima pansi pa mpopi ndiye kukhoza.

Chimene chimandiopsa ine kwambiri ndi ichi. Munthu amene arseniki wamulowa wambiri amasanza, m'mimba mumapota, amatsegula zamadzi zoyera ngati madzi otsukira mpunga, thupi limauma, magazi amatsika. Mwamva matenda amene ndafotokozawo? Ndi nkhope ya kolera yeniyeni. Kumbukirani mu January 2024 mmene Heroes Stadium inadzazira odwala. Nyengo ya mvula ngati ino munthu wotere akafika pachipatala osanena kuti anagwira mankhwala, aliyense aganiza za kolera. Dripu imuthandiza ndithu, koma mankhwala ochotsa poizoni achedwa. Nthawi zina mpweya wa m'kamwa umanunkha adyo, koma si onse. Mbiri ya zimene wodwala anagwira ndiyo imatitsegula maso.

Kondwani: Ife ku yunivesite tangophunzira kumene mmene amaphera maselo. Arseniki wa mtundu uwu, wa manja atatu, amakonda salufa kwambiri. M'maselo muli enzyme yotchedwa pyruvate dehydrogenase, ili ngati chigayo chimene shuga amadutsamo kuti thupi lipeze mphamvu. Chigayocho chimadalira kachidutswa kotchedwa lipoic acid kokhala ndi masalufa awiri oyandikana. Arseniki amagwira onse awiri n'kumangirira, chigayo n'kuima. Munthu wadya, mpweya akupuma, koma maselo akufa ndi njala. N'chifukwa chake amagunda paliponse: matumbo, mtima, mitsempha, impso, chiwindi.

Aphunzitsi aPhiri: Wafotokoza bwino Kondwani. Pitiriza, uwauze za mankhwala ake, chifukwa nzeru yake ikuchokera pomwepo.

Kondwani: Ee aphunzitsi. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse akatswiri a ku Oxford, Rudolph Peters ndi anzake Lloyd Stocken ndi Robert Thompson, anaganiza kuti ngati arseniki akufuna masalufa awiri oyandikana, tiyeni timupatse ena kuti asiye a m'thupi. Anapanga dimercaprol, kamolekyu kakang'ono ka masalufa awiri. Kamakumbatira arseniki n'kutuluka naye mu mkodzo. Dzina lake lina ndi BAL, British Anti-Lewisite.

NaBanda Namwino: Ndi jakisoni wa mumnofu, wowawa kwambiri, ndipo amasungunulidwa m'mafuta a nsawawa, ndiye timafunsa kaye ngati wodwala sagwirizana ndi nsawawa. Pali achibale ake atsopano, succimer wakumwa ndi DMPS, amene savuta thupi kwambiri. Koma mankhwala oterewa sapezeka pa kiliniki iliyonse ya m'komboni. Munthu akavulala ndi zoterezi athamangire chipatala chachikulu ngati UTH.

aNjobvu: Lewisite ameneyo ndi chiyani? Ndaona pa intaneti akuti botolo la aMwale ndi limene amapangira chida cha nkhondo. Amachita bwanji?

Aphunzitsi aPhiri: Lewisite ndi poizoni wa nkhondo wotulutsa matuza, wokhala ndi arseniki, dzinalo likuchokera kwa Winford Lee Lewis wa ku America amene anagwirapo ntchito mu 1918. N'zoona kuti arsenic trichloride ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la maiko loletsa zida za mankhwala, limene linayamba kugwira ntchito mu 1997 ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la OPCW ku The Hague. Zambia ndi Malawi onse ali m'panganolo. Za kapangidwe kake sindiyankha, pano kapena kumbali. Chimene mungatengepo n'chakuti awa si mankhwala oti sukulu ya sekondale izisunga, palibe phunziro la mu silabasi limene limawafuna.

aDaka Oyang'anira Gulu: Ndagwirizana ndi aphunzitsi. aNjobvu, ndikudziwa mwafunsa mwa chidwi chabe, koma mbali imeneyo tiitseke. Komanso aMwale, dzina la sukulu musalitchule pano, ndipo chithunzi cha botolo chisayende m'magulu ena. Pagulu pano tilipo ambiri.

aNjobvu: Pepani, ndamva. Nanga ntchito yake yabwino ndi yotani, poti amagulitsidwa?

Kondwani: Amagwiritsidwa ntchito popanga mankhwala ena okhala ndi arseniki, komanso popanga gallium arsenide, yomwe imapezeka m'timagetsi ta LED, ma laser ndi tizipangizo tina ta m'mafoni. Koma zimenezo zimachitika m'mapaipi otsekeka, osati patebulo. Ali ndi abale ake: arsenic trifluoride ndi wamadzimadzi nayenso, akakumana ndi madzi amatulutsa asidi wa hydrofluoric amene amadya galasi ndi kulowa mpaka m'mafupa. Tribromide ndi wolimba koma amasungunuka pa madigiri 31, kutentha kwa mu October kokha kwamukwanira. Triiodide ndi timiyala tofiira. aMwale, ngati munaona botolo lina lolembedwa As kutsogolo, nalonso mulilembe pa mndandanda wa mankhwala oopsa oti achotsedwe.

Agogo aSakala: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete chifukwa maso savomera kulemba msanga. Mawu a aPhiri akuti arseniki safa andikumbutsa kutali. Ndili mnyamata kumudzi ku Katete tinkapita ndi ng'ombe kudibi kukapha nkhupakupa. Akuluakulu ankatiletsa kusamba kapena kumwetsa ziweto pafupi ndi ngalande yotayira madzi a dibilo. Pambuyo pake nditayamba kugwira ntchito ya ziweto ndinadzamva kuti madibi akale m'maiko ano a kumwera ankathiramo mankhwala a arseniki, asanabwere mankhwala amakonowa. Dibi lakwathu lija linagumuka kalekale, koma dzenje lilipo, ndipo chaka chatha ndinapeza adzukulu akusewera m'menemo, wina walima matimati m'mphepete. Kodi pali choopsa patapita zaka zonsezi?

Aphunzitsi aPhiri: Akulu, mwakumbutsa nkhani yaikulu kuposa botolo lathu. Mankhwala ake anali sodium arsenite, ankagwiritsidwa ntchito kwambiri m'madibi kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ku South Africa ndi ku Australia anapima dothi la pa madibi akale n'kupeza arseniki wambiri patapita zaka makumi angapo chitsekereni. Ngati dibi lanulo ndi la nthawi imeneyo, litengeni ngati malo oipitsidwa mpaka dothi litapimidwa. Ana achokemo, pasalimidwe ndiwo, pasakumbidwe chitsime pafupi.

China chimene chili pafupi nafe mu Lusaka muno ndi mitengo ndi matabwa obiriwira aja a mpanda ndi a denga, onyikidwa m'mankhwala kuti chiswe chisadye. Ambiri amanyikidwa mu CCA, kutanthauza chromium, kopa ndi arseniki. Ali chiimire savuta kwambiri. Koma malasha akakwera mtengo anthu amatola zidutswa zake pa malo omanga n'kuphikira. Utsi wake uli ndi arseniki, phulusa ndiye lodzaza. Ng'ombe ndi mbuzi zimalinyambita n'kufa. Ku America anasiya kugwiritsa ntchito matabwa otere pomanga za pakhomo kumapeto kwa 2003.

Amake Chikondi: Phulusa limene ife timathira m'dimba, timatsukira mapoto, ena amachezera chidulo cha therere! Aneba anga amawotchera chimanga pa zidutswa zobiriwira zomwezo, mwamuna wawo ndi kalipentala. Ndipita kukawauza lero lino.

NaBanda Namwino: Pitani ndithu mayi. Arseniki wolowa pang'onopang'ono saoneka ngati uja wa kolera. Amabwera ndi madontho akuda ndi oyera pachifuwa ndi kumsana, zikhatho ndi mapazi kukhakhala ngati mwamera njere za mapira, dzanzi m'zala, nthawi zina mizere yoyera yopingasa pa zikhadabo. Pakapita zaka ndiye khansa ya pakhungu, ya m'mapapo ndi ya chikhodzodzo.

Amake Chikondi: Nanga madzi tikawiritsa kapena kuthira klorini sizithandiza?

Aphunzitsi aPhiri: Pa kolera pitirizani kuwiritsa ndi kuthira klorini, musaleke. Pa arseniki sizithandiza. Kuwiritsa kumachotsa madzi ena ngati nthunzi, arseniki n'kutsala wochuluka m'madzi otsalawo. Alibe mtundu, alibe fungo, alibe kukoma. Ku Bangladesh anthu anakumba zitsime za mipope zambirimbiri kuyambira m'ma 1970 pothawa matenda otsegula m'mimba a m'madzi a m'maiwe. Imfa za ana chifukwa cha kutsegula m'mimba zinachepa, koma mu 1993 zinatsimikizika kuti madzi a pansiwo anali ndi arseniki wochokera m'dothi lenilenilo, ndipo anthu mamiliyoni makumi angapo anali akumwa. Anayamba kupaka mipope utoto, wofiira pa woipa, wobiriwira pa wabwino. Uko kunali kwachilengedwe, palibe anathira. Sindikunena kuti zitsime za ku Kanyama zili choncho mayi, musachite mantha. Ndikungosonyeza mmene zimavutira kuzindikira arseniki akangolowa m'madzi.

Agogo aSakala: Chodabwitsa n'chakuti poizoni yemweyu anachiritsa mlamu wanga. Ankagwira ntchito kuchigwa cha Luangwa, kashembe anamuluma, anadwala kaodzera mpaka kusokonezeka mutu. Anamubaya majakisoni amene ankati muli arseniki. Ankalira munthu wamkulu, akuti zinali ngati athira moto m'mitsempha. Koma anachira, anakhala zaka zambiri.

NaBanda Namwino: Ameneyo ndi melarsoprol agogo, anayamba kugwira ntchito mu 1949. Ndipo Kondwani umve izi: anamupanga polumikiza mankhwala a arseniki ndi dimercaprol yemwe uja, kuti ululu uchepe. Ngakhale choncho pafupifupi wodwala mmodzi pa 20 aliwonse ankafa ndi mankhwalawo chifukwa cha kutupa kwa ubongo. Madokotala ankabaya mtima uli m'mwamba, koma kaodzera wofika ku ubongo akasiyidwa amapha ndithu. Mu 2024 WHO inavomereza mapiritsi a fexinidazole kukhala oyamba pa kaodzera wa mtundu wa kwathu kuno, atayesedwa ku Malawi ndi ku Uganda. Komanso arsenic trioxide, zoyera zomwe zija za pakhosi pa botolo, akayeretsedwa ndi kuyezedwa bwino amachiza mtundu wina wa khansa ya m'magazi, acute promyelocytic leukaemia. Ku America anamuvomereza mu 2000.

aMwale a ku Chilenje: Ndabwerera. Mutu wa sukulu afika, poyamba amati tingokumba dzenje kuseri kwa bwalo la mpira tikwirire usiku, makolo asamve. Ndawaonetsa masamu a madiramu 44,000 aja, ndawakumbutsa kuti borehole ya sukulu ili kuseri komweko ndipo ana onse amamwa pamenepo. Akhala chete nthawi yaitali, kenako anena kuti tilembe kalata. Tilembere ndani?

Aphunzitsi aPhiri: Lemberani ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Pansi pa lamulo la Environmental Management Act la 2011 iwo ndi amene amayang'anira zinyalala zoopsa, ndipo ndi amene amapereka ziphaso kwa makampani onyamula ndi kusamala zinyalala zotere. M'kalatamo mulembe dzina la mankhwala, UN 1560, kukula kwa botolo, ndi kuti chitsekero chikuoneka kuti chikutulutsa mpweya. Mupite nayo pamanja, musunge kope lodindidwa. Aliyense wobwera kudzatenga akuonetseni chiphaso, ndipo akusiyireni pepala losonyeza zimene watenga ndi kumene akupita nazo. Mupemphenso kuti aone kachipinda konse. Kumene kwapezeka botolo limodzi lotere sikulephera kupezeka ena, ndipo kabatiyo ndi fumbi lake zonse ndi zoipitsidwa. Utsi ukayamba kuoneka iwo asanabwere, tulutsani ana kumbali imene mphepo ikuchokera, itanani ozimitsa moto, muwauze dzina la mankhwala asanatsegule payipi.

aMwale a ku Chilenje: Pali chinthu china chimene ndangomva. Amayi amene amatisesera analowa m'kachipindamo dzulo ine ndisanafike, anapukuta fumbi la m'kabati ndi kansalu, opanda magolovesi. Akuti maso anawawa ndipo anatsokomola usiku wonse, koma anaganiza kuti ndi fumbi wamba. Kansaluko anakachapa n'kuyanika.

NaBanda Namwino: Apite kuchipatala lero, asadikire mawa, ndipo mupite nawo inuyo ndi chithunzi cha pepala la pabotolo. Mukanene momveka kuti anapukuta fumbi la mankhwala a arseniki ndi manja. Akamvetsere m'chifuwa, akaone maso, ndipo mupemphe kuti apime arseniki mu mkodzo, chifukwa m'magazi sakhalitsa. Afunseni ngati adya nsomba za m'nyanja ya mchere masiku apitawa, monga makerele a m'mabutchala aja kapena za m'chitini, adokotala adziwe. Nsomba zimenezo zili ndi arseniki wa mtundu wosavulaza amene amakweza zotsatira. Kansalu, chitenje ndi malaya amene anavala zimangidwe m'pulasitiki, zisachapidwe pamodzi ndi za ana. Inunso aMwale mupimitse.

aLungu a ku Matero: Ngati ndalama ya transipoti kapena yopimitsa ivuta kwa mayiwo, aDaka tsegulani chopereka, ine ndiyamba.

aDaka Oyang'anira Gulu: Tiyembekeze aMwale atiuze zimene zikufunika. Sukulu ndiyo iyenera kulipira poyamba, ife tidzaphimba potsala.

aMwale a ku Chilenje: Tabwerako kuchipatala. M'chifuwa akuti muli bwino, maso awatsuka ndi kuwapatsa mankhwala odontheza, mkodzo tasiya tonse awiri. Sukulu yalipira. Kalata yalembedwa, ndikapereka m'mawa. Pachitseko ndamata pepala la Chinyanja ndi Chizungu, loko ndasintha. Koma mtima sukukhazikika. Poyang'ana pawindo ndaona kuti siling'i ya pamwamba pa kabatiyo ili ndi banga la madzi, ndipo mlonda akuti mbali imeneyo denga limadontha mvula ikalimba. Kumwera kuno mitambo yada kale.

Aphunzitsi aPhiri: Musalowe kukasuntha botolo. Tsekani kudontha kuchokera kunja, pamwamba pa malata. Wokwerayo asapondepo pamene pali kabati, ndipo musakhomere misomali pamenepo kuti siling'i ingagwe.

aZulu a Malori: Ndili ndi tenti yaikulu ya lori ndi zingwe ku yadi ku Makeni, lori yanga inyamuka Lachisanu. aMwale nditumizireni malo kumbali. Pezani makwerero ndi matayala akale anayi otsindirira, ndikunyamuka tsopano lino.